Kasankhidwe ka Presha ya Matayala a Kutsogolo ndi a Kumbuyo pa Thiraki ya Dizilo

Pamalo opopera matayala, wopopa amangofunsa kuti, "Tiike zingati, bwana?" Dalaivala akatchula nambala, nambala yomweyo imalowa m'matayala onse, kuyambira awiri a kutsogolo kukafika omalizira a ku thirela. Chizolowezi chimenechi chimapeputsa ntchito, koma chimasiya matayala ena ali ndi mpweya wochepa pomwe ena ali nawo wopyola muyeso, chifukwa katundu wa thiraki sagawika mofanana pa matayala onse. Labala ndi mawaya a tayala ntchito yake ndi kusunga mpweya, ndipo mpweyawo ndiwo umasenza galimoto. Choncho presha yoyenera ya tayala lililonse imachokera pa kulemera kumene tayalalo lasenza. Malangizo ali m'munsiwa akusonyeza m'mene mungapezere nambala ya kutsogolo, ya matayala a kumbuyo amene amakankha galimoto, ndi ya thirela ngati ilipo. Chitsanzo chimene nditsate ndi hosi (mutu wa thiraki wokoka thirela) ya maekiselo atatu yovala matayala a 315/80R22.5, amene ndi ofala pa mathiraki opita ku Beira, Nacala, Dar es Salaam ndi Durban, koma njira yake ndi yomweyo ngakhale pa lole ya matani atatu.

Yambani ndi geji yopimira presha. Geji ya galimoto yaing'ono imathera panjira isanafike pa presha ya thiraki, choncho pezani yofika 10 bar kapena kupitirira, yokhala ndi mutu wa kamwa ziwiri kuti izitha kufikira valavu ya tayala la m'kati ndi la kunja lomwe. Geji ikagwa pansi kangapo imayamba kunama, ndipo n'kwanzeru kuiyerekeza ndi ina yatsopano kamodzi pa miyezi ingapo. Dziwaninso chilankhulo chimene geji yanu ikulankhula, poti mathiraki athu amachokera m'mayiko osiyanasiyana ndipo lililonse limabwera ndi miyeso yake. Ochokera ku UK ndi ku America amalemba psi, a ku South Africa amalemba kPa, a ku Ulaya amakonda bar, pomwe zomata za pa zitseko za malole a ku Japan monga Canter zimalemba kPa pamodzi ndi kgf/cm². Kusintha kwake n'kosavuta: 1 bar ndi 100 kPa, ndiponso ndi 14.5 psi, ndipo 1 kgf/cm² ndi 0.98 bar, kutanthauza kuti mukhoza kuziona ngati zofanana. Motero 8.5 bar ndi 850 kPa, kapena 123 psi.

Mukatero gwadani pambali pa tayala muwerenge zolembedwa m'nthiti mwake. Pa tayala la chitsanzo chathu mupeza 315/80R22.5 kenako 156/150L. Nambala ziwiri zolekanitsidwa ndi kamzerezo ndizo zofunika kwambiri pa nkhani ino. Yoyamba, 156, ikuimira makilogalamu 4,000, ndipo ndi malire a katundu amene tayalalo lingasenze likakhala lokha kumapeto kwa ekiselo, monga m'mene zimakhalira kutsogolo. Yachiwiri, 150, ikuimira makilogalamu 3,350, malire ake likakhala pawiri ndi linzake monga kumbuyo. Chilembo L chikunena liwiro la makilomita 120 pa ola. Chapafupi pomwepo pamakhala timalemba ting'onoting'ono tonena kuti MAX LOAD SINGLE (malire a katundu likakhala lokha) ndi DUAL (likakhala pawiri), totsatiridwa ndi presha ndi mawu akuti COLD (lozizira). Pa matayala a saizi imeneyi presha yolembedwayo imakhala 8.5 bar kapena 9.0 bar malinga ndi kampani yopanga. Anthu ambiri amaiwerenga ngati lamulo lakuti tayala lizipopedwa mpaka pamenepo nthawi zonse, pomwe chimene ikunena n'chakuti tayalalo likafuna kusenza katundu wofika pa malire ake, liyenera kukhala ndi presha imeneyo lili lozizira. Katundu akachepa, presha yofunika imachepanso.

Yang'ananinso limu, chifukwa nayo ili ndi malire a katundu ndi presha odindidwa pa chitsulo chake, ndipo simuyenera kupyola chochepa mwa ziwirizi. Ngati buku la galimoto lilipo, kapena chomata cha pa chitseko sichinachotsedwe, werengani zimene wopanga galimoto analemba, koma tsimikizani kuti saizi ya tayala yotchulidwa pamenepo ndi yomwe yavalidwa lero. Mathiraki ambiri ogulidwa atagwirapo kale ntchito anasinthidwa matayala kangapo, ndipo chomata chonena za 11R22.5 sichingakuthandizeni pa galimoto imene tsopano yavala 315/80R22.5.

Gawo lotsatira ndilo limene ambiri amalidumpha, ngakhale kuti zonse zatsamira pa ilo: pimitsani galimoto pa sikelo, ekiselo iliyonse payokha. Pimitsani itanyamula katundu wolemera kwambiri amene imanyamula pa ntchito yake ya masiku onse, matanki a dizilo ali odzaza, dalaivala ndi womuthandiza ali m'kati, matcheni, tenti ndi tayala lapadera zili m'malo mwake. Mathiraki odutsa m'malire a mayiko amapimidwa kale pa masikelo a boma monga a ku Mwanza ndi ku Songwe, ndipo pepala limene limatuluka pamenepo limasonyeza kulemera kwa ekiselo ya kutsogolo ndi gulu lililonse la maekiselo a kumbuyo. Madalaivala ambiri amalisunga pepalalo pongofuna umboni wakuti sanapyole malire, osadziwa kuti ndi lomwelo limene likuwauza presha yoti aike. Sonkhanitsani mapepala a maulendo angapo, ndipo pa ekiselo iliyonse tengani nambala yaikulu koposa. Amene mumayenda m'dziko mommuno mukhoza kupempha pa sikelo ya fakitale kapena ya malo ogulira mbewu, n'kukweza matayala a kutsogolo okha pa sikelo, kenako galimoto yonse, ndipo kusiyana kwa nambala ziwirizo ndiko kulemera kwa kumbuyo. Pochita zimenezi pamafunika kuti malo olowera pa sikelo akhale osatsetsereka, apo ayi katundu amapendekera mbali imodzi ndipo nambala imasokonekera.

Ngati sikelo simunaipeze, gwiritsani ntchito malire a lamulo ngati poyambira. M'mayiko ambiri a SADC ndi COMESA ekiselo ya kutsogolo imaloledwa matani 8, ekiselo imodzi ya matayala anayi matani 10, gulu la maekiselo awiri matani 18, gulu la atatu matani 24, ndipo galimoto yonse ndi thirela yake isapyole matani 56. Ku South Africa malire ena ndi otsikirapo: makilogalamu 7,700 kutsogolo ndi 9,000 pa ekiselo imodzi ya matayala anayi.

Tsopano tiwerengere kutsogolo. Tiyerekeze kuti sikelo yasonyeza makilogalamu 7,000 pa ekiselo ya kutsogolo. Matayala alipo awiri, choncho lililonse lasenza 3,500. Njira yolondola kwambiri ndi kutsegula tchati cha katundu ndi presha cha kampani imene inapanga tayalalo, chimene ogulitsa matayala akuluakulu amakhala nacho ndipo chimapezekanso pa intaneti, n'kufufuza mzere wa SINGLE mpaka mutapeza presha yoyamba imene katundu wake akufanana kapena kupitirira 3,500. Matchati ena amalemba katundu wa tayala limodzi, ena wa ekiselo yonse, choncho werengani mutu wa tchaticho musanatenge nambala. Tchati chikasowa, pali masamu achidule othandiza: gawani katundu weniweni ndi malire a tayala, kenako chulukitsani ndi presha yolembedwa m'nthiti. Apa 3,500 kugawa ndi 4,000 ikupereka 0.875, ndipo kuchulukitsa ndi 8.5 kukupereka 7.4 bar. Masamu amenewa amatulutsa nambala yokwererapo pang'ono kuposa ya pa tchati, ndipo kulakwa kotereku kuli kumbali yabwino.

Nambala imeneyi ndi yotsikitsitsa imene tayala lingayendere mosavutika, choncho musaimire pomwepo. Sikelo yapima ekiselo yonse, koma mbali ziwiri sizilemera mofanana: thanki yaikulu ya dizilo, mabatire ndi dalaivala zimalemetsa mbali imene zili, ndipo msewu wa phula umakhala wokwera pakati n'kutsetserekera m'mphepete kuti madzi azitsika, zimene kwa ife oyenda kumanzere zimakankhira katundu ku matayala a kumanzere. Pomanga mabuleki, makamaka potsika mapiri monga a Chiweta kapena potsikira ku Chikwawa, katundu amathamangiranso kutsogolo. Pa zifukwa zimenezi ine ndimawonjezera theka la bar pa nambala ya kutsogolo, ndipo pa chitsanzo chathu ndingaike 8.0 bar m'matayala onse awiri. Matayala a pa ekiselo imodzi azikhala ndi presha yofanana nthawi zonse, yoyenerana ndi mbali yolemera. Kuika lina 8.0 lina 7.5 kumachititsa galimoto kukokera mbali pomanga mabuleki.

Onani chinthu china chimene masamuwa akuulula. Ngati kutsogolo kwafika pa matani 8 amene lamulo limalola, tayala lililonse lasenza makilogalamu 4,000, amene ndi malire enieni a nambala 156, ndipo palibenso mpata wotsala: presha iyenera kukhala yonse yolembedwa m'nthiti. Tayala la 12R22.5 lokhala ndi nambala 152 malire ake ndi makilogalamu 3,550, kutanthauza 7,100 pa ekiselo, pomwe la 11R22.5 la nambala 148 limathera pa 3,150, kapena 6,300 pa ekiselo. Matayala oterewa sangasenze matani 8 kutsogolo ngakhale muwapope bwanji. Sikelo ikasonyeza katundu woposa malire a tayala, mankhwala ake ndi kusuntha katundu, kubweza fifth wheel (chitsulo cha pa hosi pamene thirela imakolekedwa) m'mbuyo pang'ono ngati ili yosunthika, kapena kugula matayala a nambala yaikulu. Kupopa kupyola malire a tayala kapena a limu sikuwonjezera mphamvu yosenzera.

Kumbuyo nkhani ndi ina, ndipo apa ndi pamene ambiri amadabwa. Tiyerekeze kuti gulu la maekiselo awiri a hosi lasenza matani 18, malire onse a lamulo. Matayala alipo asanu ndi atatu, choncho lililonse lasenza makilogalamu 2,250 okha, pomwe malire ake likakhala pawiri ndi 3,350. Kugawa 2,250 ndi 3,350 kukupereka 0.67, ndipo kuchulukitsa ndi 8.5 kukupereka 5.7 bar. Ngakhale kumbuyo ndiko kwasenza matani ochuluka, tayala limodzi la kumeneko likugwira ntchito yopepuka kwambiri poyerekeza ndi la kutsogolo, limene lasenza injini ya dizilo, giyabokosi ndi kabini, kuphatikizapo gawo la katundu wa thirela, lili lokha mbali yake. Pa thiraki ya ekiselo imodzi kumbuyo yosenza matani 10, tayala lililonse limatenga makilogalamu 2,500, ndipo masamu omwewo amapereka 6.3 bar. Mwachidule, pa thiraki yaikulu ya matayala awiriawiri kumbuyo, presha ya kutsogolo imayenera kukhala yokwera kuposa ya kumbuyo. Maganizo akuti kumbuyo kuzipopedwa kwambiri poti ndiko kuli katundu anachokera ku mapikiapu, amene ali ndi tayala limodzi mbali iliyonse kumbuyo, ndipo pa iwo maganizowo ndi oona galimoto ikadzaza.

Komabe kumbuyo ndimasiya mpata waukulu kuposa kutsogolo, ndipo m'malo mwa 5.7 ndingaike pakati pa 6.5 ndi 7.0 bar. Matayala awiri oyandikana sagawana katundu pakati ndi pakati: pa msewu wokwera pakati, la m'kati limasenza zambiri, ndiponso ndilo lili pafupi ndi dilamu ya mabuleki, kumene kumatentha ndipo mphepo siifika bwino. Limodzi likakwera pa mwala kapena linzake likalendewera pa dzenje, katundu wa awiri amagwera pa limodzi kwa kanthawi. Maekiselo awiriwo nawonso sagawana mofanana ngati masipuling'i kapena mabushi atha. Komanso nambala yanu isatsike kupyola mzere wotsikitsitsa wa pa tchati, ngakhale masamu atanena zochepera pamenepo. Chimene sindivomereza ndi kudzaza 8.5 bar kumbuyo pongotsanzira kutsogolo. Tayala lopopedwa mopyola katundu wake limaponda pansi ndi pakati pokha, limatha msanga pakatipo, limaterereka pa phula lonyowa makamaka galimoto ikakhala yopanda katundu, limadumphadumpha n'kugwedeza kabini, ndipo likagunda m'mphepete mwa dzenje mawaya ake amaduka mosavuta chifukwa silitha kupindika.

Pa matayala awiriawiri, kufanana kwa presha n'kofunika kuposa nambala yeniyeniyo. Awiriwo amangidwa pamodzi ndi mabawuti ndipo amazungulira kamodzi, choncho limodzi likakhala ndi mpweya wochepa limafupika pang'ono, lalikulu limasenza katundu wa linzake n'kutentha, ndipo laling'onolo limakwekwerezeka pa phula ulendo wonse. Kusiyana kwawo kusapitirire 0.3 bar, ndipo ndi bwino kulinga pa kufanana ndithu. Pa chifukwa chomwecho musaphatikize tayala latsopano ndi lotha mapazi (mizere yopondera pansi). Kutalika kwa awiriwo kusasiyane ndi mamilimita opitirira 6.

Thirela iwerengereni payokha mwa njira yomweyo. Matani 24 pa matayala khumi ndi awiri ndi makilogalamu 2,000 pa tayala, zimene zikufuna presha yosaposa ya kumbuyo kwa hosi. Koma thirela yovala matayala otambalala a 385/65R22.5, limodzi mbali iliyonse, ili ndi matayala asanu ndi limodzi okha, ndipo matani 24 omwewo amakhala makilogalamu 4,000 pa tayala. Nambala 160 ya matayala amenewa ikuimira 4,500 pa 9.0 bar, choncho masamu amapereka 8.0 bar musanawonjezere mpata. Amene wasintha thirela n'kupitiriza nambala yakale akhoza kuphulitsa matayala asanafike ku Tete.

Nambala zonsezi ndi za tayala lozizira, ndipo kuzizira kwake kumatanthauza kuti galimoto yaima maola atatu kapena kupitirira, pamthunzi, kapena bwino koposa m'mawa dzuwa lisanawombe mbali imodzi. Mpweya ukatentha umafutukuka, ndipo pa tayala la 8.5 bar madigiri 10 aliwonse amasintha geji ndi pafupifupi 0.3 bar. Tayala limene layenda maola awiri litasenza katundu likhoza kusonyeza bar imodzi kapena kupitirirapo pang'ono pamwamba pa nambala ya m'mawa, ndipo opanga matayala anaziwerengera kale zimenezi. Musaphwetse tayala lotentha kuti libwerere pa nambala ya m'mawa. Ndikudziwa kuti m'nyengo ya Okutobala ndi Novembala, pamene kutentha kwa ku Tete ndi ku Chigwa cha Shire kumapyola madigiri 40, madalaivala ena amatulutsako mpweya poopa kuti tayala liphulika, koma zotsatira zake zimakhala zosemphana ndi cholinga chawo. Mpweya ukachepa, nthiti za tayala zimapindika kwambiri pa kuzungulira kulikonse, kupindikako kumabala kutentha kwina, labala amayamba kulekana ndi mawaya, ndipo zidutswa za matayala zimene timaziona m'mphepete mwa msewu nthawi zambiri zimachokera ku tayala loyenda ndi mpweya wochepa kapena katundu wopyola. Tayala likatentha mokayikitsa, imani lizizire lokha, ndipo chepetsani liwiro.

Kusintha kwa nyengo ndi kukwera kwa malo kumakhudzanso geji, ngakhale pang'ono. Tayala lopopedwa m'mawa wozizira wa mu Juni lidzasonyeza zambiri m'mawa wa mu Novembala, choncho presha ikonzedwe malinga ndi nyengo imene muli. Kuchokera ku Dedza, pa mtunda wa mamita pafupifupi 1,600, kutsikira ku Beira m'mphepete mwa nyanja, geji imatsika ndi pafupifupi 0.2 bar chifukwa mpweya wa kunja ndi wolemera kunyanjako, koma kufunda kwa kumeneko kumabwezeretsa zambiri mwa zimenezo, ndipo palibe chifukwa chosinthira presha panjira.

Popopa penipeni pali ngozi imene sindingaidutse mwachangu, chifukwa tayala la thiraki likaphulika munthu ali pafupi limapha. Musanalumikize paipi, pimani kaye. Tayala limene latsika kufika pa magawo 80 mwa 100 a presha yake, monga 6.4 bar pa tayala loyenera 8.0, ndipo layenda chomwecho, litengeni ngati lophwa. Mawaya a m'nthiti mwake akhoza kukhala atatopa ndi kupindika, ndipo polipopa amatha kuduka motsatizana, nthiti n'kung'ambika mwadzidzidzi. Tayala lotere lichotsedwe pa galimoto, livulidwe pa limu, liyang'anidwe m'kati, kenako lipopedwe m'khola la chitsulo. Gwiritsani ntchito paipi yokhala ndi kamwa yodzigwira yokha pa valavu, yaitali mokwanira kuti wopopa aime patali, chakutsogolo kapena chakumbuyo kwa tayala kumene kuli mapazi, osati moyang'anizana ndi nthiti. Mukamva kuthetheka kapena mukaona chotupa m'nthiti, lekani pomwepo ndipo tulutsani mpweya muli patali. Matayala a chubu monga 7.50R16 ndi 12.00R20, amene malimu ake ali ndi mphete yotsekera, amafuna kusamala kowirikiza, poti mpheteyo ikapanda kukhala bwino imafwamphuka ndi mphamvu yoopsa. Musaimenye ndi hamala tayala lili ndi mpweya. Ndipo limu isawotcheredwe kapena kutenthedwa ndi moto tayala lili pomwepo, ngakhale litaphwetsedwa.

Tsimikizaninso kuti kompuresa ikufikadi pa presha imene mukufuna. Makompuresa ambiri a pamalo omwetsera mafuta anakonzedwera magalimoto aang'ono, ndipo mukalumikiza tayala la 8 bar ku thanki ya 7 bar, mpweya umatuluka m'tayala m'malo molowa. Mpweya wa mabuleki a thiraki yomweyo umathandiza panjira, koma pa mathiraki ena kompuresa yake imadula cha m'ma 8 bar, ndipo kudzaza tayala la kutsogolo kumatenga nthawi kapena kumalephereka. Khetsani madzi a m'matanki musanapope, chifukwa chinyezi chikalowa m'tayala chimadyetsa dzimbiri limu ndipo chimachititsa presha kukwera mosadziwika bwino tayala likatentha. Mukamaliza, pimaninso ndi geji yanu ya m'manja osadalira ya pa paipi, pakani madzi a sopo pa valavu kuti muone ngati ikutuluka thovu, ndipo bwezerani kachivindikiro. Kachivindikiro kachitsulo kokhala ndi labala m'kati kamatseka fumbi ndi matope komanso kamagwira mpweya valavu ikayamba kudontha. Matayala a m'kati aikireni zotalikitsira valavu, chifukwa tayala lovuta kulifikira ndilo limakhala miyezi osapimidwa.

Funso limene limabwera kawirikawiri ndi la galimoto yopita yopanda katundu n'kubwera itadzaza, monga matankala okatenga mafuta ku doko. Kutsogolo musasinthe kanthu, popeza injini ndi kabini zili pomwepo kaya katundu alipo kapena ayi, ndipo kulemera kwa ekiselo imeneyo sikusintha kwambiri. Kumbuyo kusiyana n'kwakukulu, ndipo m'mabuku zingaoneke zoyenera kutsitsa presha popita. Malangizo anga ndi akuti muike presha ya katundu wodzaza n'kuisiya chomwecho, pokhapokha ngati muli ndi chitsimikizo chakuti kumene mukukatengera katundu kuli kompuresa yokwanira ndi nthawi yopopa matayala onse ali ozizira. Kuyenda wopanda katundu ndi presha yokwera kumadya matayala pang'onopang'ono, koma kuyenda wodzaza ndi presha ya galimoto yopanda kanthu kukhoza kuwononga tayala pa ulendo umodzi. Apanso mpamene phindu la kusadzaza 8.5 bar kumbuyo limaonekera, chifukwa 6.5 kapena 7.0 bar imasenza katundu wonse koma siidumphitsa kwambiri galimoto popita yopanda katundu.

M'misewu ya dothi yopita ku minda, ku nkhalango kapena ku migodi, kutsitsako presha kumathandiza tayala kuponda malo aakulu mu mchenga ndi m'matope, koma zimenezi ndi za liwiro lochepa ndi mtunda waufupi, ndipo mpweya ubwezeredwe musanakwere pa phula. Pa matayala awiriawiri musatsitse mpaka nthiti zawo kukhudzana, chifukwa zikamakhulana zimatentha n'kubooka. Mukatuluka m'msewu wa miyala, chotsani miyala yopanikizika pakati pawo.

Nambala mukazipeza, zilembeni ndi penti pa chitsulo pamwamba pa gulu lililonse la matayala, kapena pa khadi lomata m'kabini, kuti wopopa aliyense aziona popanda kufunsa. Pimani matayala onse, ndi lapadera lomwe, kamodzi pa sabata komanso m'mawa wa ulendo wautali uliwonse, poti ngakhale tayala labwinobwino limataya mpweya pang'onopang'ono. Kumenya matayala ndi chitsulo poima panjira kuli ndi ntchito yake, kumakuuzani ngati lina laphweratu, koma khutu silingasiyanitse 7.0 ndi 6.0 bar. Pa ulendo woyamba mutasintha presha, imani patatha maola awiri mupime matayala ali otentha, osati kuti musinthe kanthu, koma kuti muyerekeze. Onse a pa ekiselo imodzi ayenera kukwera mofanana. Limene lakwera kwambiri kuposa anzake likusenza katundu wochuluka kapena lili pafupi ndi buleki yogwira kapena bering'i yotentha, ndipo limene silinakwere n'komwe mwina likudontha.

Umboni womaliza umachokera ku mapazi a tayala patatha miyezi iwiri kapena itatu. Pimani kuya kwa mizere pa malo atatu, m'mphepete mwa kunja, pakati ndi m'mphepete mwa m'kati, ndipo lembani m'kabuku pamodzi ndi makilomita. Pakati pakatha msanga kuposa m'mphepete, presha yachuluka poyerekeza ndi katundu, ndipo mukhoza kutsitsa ndi 0.3 bar bola musatsike pansi pa nambala ya pa tchati. M'mphepete monse muwiri mukatha msanga, mpweya ukuchepa kapena katundu akupyola amene munapima, ndipo muyenera kubwerera ku sikelo musanawonjezere. Kutha kwa mbali imodzi yokha, kapena mapazi okhala ngati mano a sowo mukawasisita ndi dzanja chopingasa, sikuchokera ku presha. Galimotoyo ipite ku alainimenti, ndipo makaniko ayang'ane ma kingpin (mapini amene matayala a kutsogolo amatembenukirapo pokhota), mabushi ndi mashokabuzoba. Mukasintha mtundu wa katundu, thirela, malo a fifth wheel kapena saizi ya matayala, pimitsaninso galimoto ndipo muwerengere nambala zonse kuyambira pa ekiselo ya kutsogolo.